Pasaka wa ku Finland: kumene msondodzi unalowa m'malo mwa kanjedza

Ku Finland kanjedza samera. Dzikoli lili kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, ndipo Pasaka, amene amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, amapeza nyanja zake zambiri zikadali zouma gwa ndi ayezi, minda itakwiririka ndi chipale chofewa, mitengo ilibe tsamba ndi limodzi lomwe. Nanga Mkhristu wa kumeneko anyamula chiyani m'manja pa Lamulungu la Kanjedza, pokumbukira khamu lija linachingamira Yesu polowa mu Yerusalemu?

Makolo awo yankho analipeza m'mbali mwa ngalande ndi m'madambo. Msondodzi ndiwo umayamba kuphukira mitengo ina yonse ikadali duu. Pa nthambi zake pamatuluka timphukira totuwa taubweya, tomwe eni ake amatitcha pajunkissa. Nthambi zimenezi ndizo zinasanduka kanjedza wa dzikolo, ndipo amene afuna kumvetsa Pasaka wa anthu 5.6 miliyoni a ku Finland ayambire pamenepa. Chikondwererochi chinabwera ndi mpingo kuchokera kumaiko ofunda, koma anthu anachivala ndi zimene nthaka yawo, njala yawo ndi mantha awo zinawapatsa. Zina mwa izo ndi zokongola kwambiri. Zina zili ndi mbiri yowawa imene ambiri mwa ochita mwambowo lero saidziwa n'komwe.

Ana pakhomo

Lamulungu la Kanjedza likacha, m'mizinda ndi m'midzi mumadzaza tiana tovala zodabwitsa. Tavala masiketi aatali a anthu akuluakulu, maepuloni ndi maduku, masaya atapakidwa zofiira, pamphuno atadonthezapo timadontho takuda. Kudzanja lina tanyamula mtolo wa nthambi za msondodzi zokongoletsedwa ndi nthenga zamitundumitundu ndi mapepala owala, kudzanja lina ketulo yakale ya khofi kapena kadengu. Timagogoda khomo ndi khomo. Mwininyumba akatsegula n'kuvomera, anawo amagwedeza kanthambi pamaso pake uku akulakatula mawu ochepa omufunira thanzi ndi mphamvu m'chaka chikubweracho. Kenako amamupatsa kanthambiko, iye n'kuwaponyera m'ketulo dzira lachokoleti, maswiti kapena kandalama kachitsulo. Mwambowu amautcha virpominen kapena virvonta.

Kwawo kwa mwambowu ndi ku Karelia, kum'mawa, kumene Chikhristu chinafika kudzera kumzinda wa Novgorod n'kuzika mizu ya mpingo wa Orthodox. Kumeneko nthambi zinkayamba zadalitsidwa kutchalitchi madzulo a Loweruka lokumbukira kuukitsidwa kwa Lazaro. M'mawa mwake ana ankadzuka mbandakucha kukakhudza nazo mofatsa makolo awo, agogo, amene anawaimira pa ubatizo, anansi, ngakhalenso ng'ombe ndi nkhosa m'khola. Panalibe kudzisintha nkhope kapena kuvala zachilendo. Ndipo malipiro sankabwera tsiku lomwelo. Inali nyengo yosala, dzira silinkadyedwa, choncho mwana ankadikira sabata yathunthu n'kubwerera pa Pasaka penipeni kukalandira dzira lake. Kanthambiko kankasungidwa kuseri kwa chithunzi choyera pangodya ya nyumba, ndipo kwina ankakatulutsira ng'ombe kubusa tsiku loyamba la msipu watsopano.

Chimene chinafalitsa mwambowu m'dziko lonse ndi nkhondo. Finland inamenyana ndi Soviet Union kawiri, mu 1939 mpaka 1940 ndiponso mu 1941 mpaka 1944, ndipo inataya chigawo chachikulu cha Karelia pamodzi ndi mzinda wa Viipuri. Anthu oposa 400,000 anasiya nyumba, minda ndi manda a makolo awo n'kusamukira mkati mwa dziko, munthu mmodzi mwa anthu khumi aliwonse a nthawiyo, kapena kuposerapo pang'ono. Boma linawagawira malo m'maboma osiyanasiyana, ndipo si konse kumene anawalandira ndi manja awiri. Malankhulidwe awo ankasekedwa, ndipo a Orthodox ena ankanyozedwa kuti chipembedzo chawo ndi cha ku Russia, dziko la adani. Katundu amene ananyamula anali wochepa, koma mwambo wa msondodzi anafika nawo. Ndimaona kuti apa pali chinthu choyenera kuchilemekeza: anthu othawa nkhondo, amene akanatha kudzitsekera m'nyumba ndi chisoni chawo, anatumiza ana awo kukadalitsa anansi atsopano.

Nanga ufiti ukulowa bwanji?

Zovala zija, tsache, ketulo ndi mphaka wakuda wojambulidwa pamakhadi a Pasaka si za ku Karelia ayi. Anawo amakhala akuyerekezera afiti, ndipo zimenezi zinachokera kumadzulo, makamaka ku Pohjanmaa, chigwa chachikulu cha alimi a ng'ombe choyang'anizana ndi Sweden. Finland inali mbali ya ufumu wa Sweden mpaka 1809, ndipo zikhulupiriro zambiri zinkaoloka nyanja.

Alimi akale a kumeneko ankakhulupirira kuti kuyambira Lachisanu Loyera mpaka m'mawa wa Pasaka, pamene Yesu ali m'manda, dziko limakhala lopanda mlonda ndipo zoipa zimayenda momasuka. Ankakhulupiriranso kuti mwayi m'mudzi ndi wowerengeka: wina ukamuchulukira, ndiye kuti wina wamuchepera. Mfiti ya Pasaka, imene ankaitcha trulli, inkati ikalowa m'khola usiku n'kumetako ubweya wa nkhosa kapena kuchekako kachikopa ka ng'ombe, mkaka ndi batala za khomolo zinkasamukira kwa iyo. Afiti ena ankati amauluka pa tsache kupita kuphiri la msonkhano wawo, limene Aswidi amalitcha Blåkulla ndipo a ku Finland amati Kyöpelinvuori.

Tikumbukire nthawi imene izi zinkachitika. Kumapeto kwa dzinja lalitali la kumpoto udzu wouma umakhala utatha m'nkhokwe, ng'ombe zitatsekeredwa m'khola miyezi yambiri, zitaonda, zina zikulephera kuimirira. Ng'ombe ikaleka kutulutsa mkaka, banja linkayang'ana womuloza chala, ndipo chala chinkakonda kugwera mayi wamasiye, wosauka, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Milandu yake inafika m'makhoti. Pazilumba za Åland, kuyambira mu 1666, amayi angapo anaphedwa atawaweruza kuti ndi afiti, ndipo m'zaka za m'ma 1670 milandu yotere inabuka ku Pohjanmaa. Chilango cha imfa pa mlandu wa ufiti chinathetsedwa mu ufumu wa Sweden mu 1779, pa nthawi ya mfumu Gustav III, koma mantha a m'khola anakhalitsa kuposa lamulolo.

Podziteteza, anthu ankapachika zitsulo zakuthwa pakhomo la khola, kujambula mtanda ndi phula, kuwombera mfuti m'mwamba ndi kusonkha zimoto zikuluzikulu usiku wa Loweruka Loyera. Ankaunjikapo nthambi zaziwisi dala kuti utsi uchuluke, poti utsi ndi nthethe ndizo zinkathamangitsa ouluka usiku. Zimoto zimenezi zikadalipo ku Pohjanmaa mpaka lero, midzi ikupikisana kukula kwa mulu wa nkhuni, ndipo ku Helsinki anthu amasonkhana pachilumba cha Seurasaari kukaonera chimoto cha Pasaka akudya masoseji. Kumadzuloko tiana tovala zaufiti timayenda Loweruka Loyera, osati Lamulungu la Kanjedza.

Miyambo iwiriyi, dalitso la kum'mawa ndi mfiti ya kumadzulo, inakumana m'mizinda imene anthu a mbali zonse anasamukirako kukafuna ntchito, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 inali itasakanikirana. Masukulu a mkaka anathandiza kwambiri, poti kukongoletsa nthambi ndi ntchito yosangalatsa ana. Chotsatira chake ndi chodabwitsa ndithu: mfiti, imene kale inkabwera kudzaba mwayi, tsopano imabwera kudzaupereka.

Akhristu ambiri a Orthodox sakondwera nako kusakaniza kumeneku. Amati dalitso lochokera paguwa lilibe chochita ndi tsache, ndipo m'mipingo mwawo ana amayendabe ndi nthambi zodalitsidwa atavala zovala zawo za masiku onse. Dandaulo lawo ndi lomveka, ndipo ndikugwirizana nawo pa mfundo imodzi: mwana akangophunzira kuwerenga maswiti m'ketulo osadziwa chimene akunena pakhomo, mwambo watsala chikhungwa. Koma wowerenga wa kuno kwathu aona chinanso. Kuno mawu akuti mfiti si oseweretsa. Lamulo la 1911 limaletsa kuneneza munthu ufiti, komabe chaka ndi chaka timamva za agogo omenyedwa, owotcheredwa nyumba, ena ophedwa ndi adzukulu awo omwe chifukwa cha maliro kapena matenda m'banja. Ku Finland nakonso kunali motero. Mwana wa kumeneko amatha kuvala duku n'kunyamula tsache mosekerera chifukwa palibenso nkhalamba imene ikugona ndi mantha m'mudzimo. Mantha amenewo sanathe okha. Anatha pamene makhoti analeka kuwamvera, pamene ng'ombe zinayamba kukhuta m'dzinja ndi kuonedwa ndi alangizi a ziweto, ndi pamene lamulo la 1921 linakakamiza mwana aliyense kupita kusukulu.

Sabata yachete

Ana a nthambi za msondodzi aja akabwerera kwawo, dziko limalowa m'sabata imene mpingo waukulu wa dzikolo, wa Lutheran, umaitcha hiljainen viikko, sabata yachete. Kumidzi kale tsiku lililonse linali ndi ntchito yake. Lachiwiri ankasema timitengo toyatsira moto, Lachitatu ankamangirira mabelu m'khosi mwa ng'ombe, ndipo Lachinayi ankazungulira nyumba ndi khola akukoka phula loyaka moto, akuimba zitsulo, kuthamangitsa mzimu woipa wotchedwa kiira. Loweruka amayi ankachapa ndi kunyika mu utoto ulusi umene anapota dzinja lonse. Ntchitozi zinatha, koma maina a masikuwo anatsala, ndipo ana amawaloweza.

Kutchalitchi tsiku lalikulu ndi Lachinayi Loyera. Anthu a ku Finland sakonda kupita kutchalitchi Lamulungu lililonse, koma mgonero wa madzulo a tsikuli ndi umodzi mwa imene imasonkhanitsa anthu ambiri pachaka. Mwambo ukatha, abusa ndi othandizira amachotsa makandulo, ziwiya ndi nsalu zonse paguwa, n'kuliphimba ndi nsalu yakuda, magetsi akuzimitsidwa pang'onopang'ono. Anthu amatuluka osalankhulana. Lachisanu Loyera paguwa lakudalo pamaikidwa maluwa asanu ofiira a rozi, kuimira mabala asanu a Yesu. M'matchalitchi ambiri limba sililira tsikulo, anthu amaimba ndi mawu okha. Mpingo umenewu suchulukitsa zokongoletsa, ndipo mwina n'chifukwa chake maluwa asanuwo amalasa mtima chotero.

Lachisanu limeneli eni ake amalitcha lalitali, ndipo kwa ana akale linalidi lalitali. Kunalibe kuchezerana, kuvina, kusewera panja kapena kuseka mokweza, ndipo m'makomo ambiri moto sunkasonkhedwa. Malamulo a boma nawo ankatseka masitolo ndi malo azisangalalo. Zimenezi zafewa: kuyambira mu 2016 masitolo ali ndi ufulu wotsegula nthawi imene afuna, ngakhale kuti Alko, kampani ya boma yogulitsa mowa waukali, imatsekabe Lachisanu Loyera ndi masiku awiri a Pasaka. Ku Helsinki, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mipingo yosiyanasiyana imachitira pamodzi sewero la Via Crucis, Njira ya Mtanda, limene limayenda m'misewu ya mzindawo usiku n'kukathera pamasitepe a tchalitchi chachikulu choyera cha pabwalo la Senaatintori, anthu zikwizikwi akutsatira m'chisanu. Ena amasankha kukakhala m'tchalitchi maola atatu kumvetsera nyimbo za Johann Sebastian Bach zosimba masautso a Yesu.

Chakudya chakuda cha m'khungwa

Tsiku losasonkha moto limafuna chakudya chophikiratu, chosachedwa kukhutitsa ndi chosafulumira kuwonongeka. Apa ndi pamene pamabwera mämmi, chakudya chimene munthu wa ku Finland sangatchule Pasaka osachikumbukira.

Zopangira zake ndi zochepa: madzi, ufa wa rye, mbewu yofanana ndi tirigu imene imapirira kuzizira, chimera cha mbewu yomweyo, mchere pang'ono ndi makoko ouma a malalanje owawa. Mayi amene anaphikapo thobwa aizindikira ntchitoyi msanga, poti nzeru yake ndi yomweyo: chimera chikathiridwa m'phala lofunda bwino, losawira, chimasandutsa ufa kukhala wotsekemera popanda shuga. Wophika amathira ufa ndi chimera pang'onopang'ono, kuvundikira, kudikira, kuthiranso, kwa maola ambiri. Akafulumira kapena moto ukachuluka, kutsekemera sikubwera. Kenako phalalo amaliwiritsa, kulipuntha mpaka lizizire, kulithira m'timabokosi n'kuliika mu uvuni wa moto wochepa kwa maola ena atatu kapena kuposerapo. Likatuluka limakhala lakuda bii, lonata, ndipo liyenera kugona pozizira masiku angapo lisanakome. Kale timabokosito tinkapindidwa ndi khungwa la mtengo wa birch. Lero ndi makatoni, koma opanga amawajambulabe mizere ya khungwalo, chifukwa ogula amafuna kuliona.

Chakudyachi ndi chakale. Daniel Juslenius, wophunzira wa ku Turku, anachitchula m'buku lake la mu 1700, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Chinafalikira m'zigawo zonse m'zaka za m'ma 1900, mothandizidwa ndi masukulu a zophikaphika ndi mabuku a maphikidwe, pa nthawi imene dziko longolandira kumene ufulu mu 1917 linkafunafuna zinthu zolitcha zakezake. Masiku ano ambiri amagula chopangidwa m'fakitale, ndipo tauni ya Toijala imadziwika nacho. Amachidya chozizira, atathira kirimu kapena mkaka ndi shuga. Maonekedwe ake sakopa mlendo, ndipo ngakhale m'banja limodzi mumapezeka ochikonda kwambiri ndi osachifuna n'komwe. Komabe chimanena zoona za kumene anthuwa achokera. Dziko limene lero lili m'gulu la olemera linaona njala yoopsa mu 1866 mpaka 1868, ndipo kwa mlimi wa nthawi imeneyo kutsekemera kochokera m'chimera chake chomwe kunali chuma.

Zina za patebulo n'zatsopano. Nyama ya nkhosa yowotcha, imene ambiri amaiyesa yachikhalire, inazolowereka m'mizinda posachedwapa. Dzira la Mignon, la kampani ya Fazer, lakhalapo kuyambira mu 1896: ndi chigoba chenicheni cha dzira la nkhuku chimene amachikhuthula, kuchitsuka, n'kuchidzaza pamanja ndi chokoleti chosakaniza ndi mtedza, moti wodya amachita kuswa ndi kusenda. Ana aang'ono amauzidwa kuti mazira a Pasaka amaikira ndi tambala usiku. Sabata ziwiri Pasaka asanafike amafesa udzu wotchedwa rairuoho m'mbale n'kuika pawindo, ndipo amayi amaika nthambi za birch m'madzi kuti zitulutse timasamba m'nyumba mofunda. Kunja kukadali mbee, koma pawindo pabiriwira.

Usiku wa makandulo

A Orthodox ndi ochepa, munthu mmodzi yekha pa 100 aliwonse, komabe mpingo wawo uli ndi udindo wapadera m'malamulo pamodzi ndi wa Lutheran, ndipo pa Pasaka dziko lonse limatembenukira kwa iwo. Wailesi ndi kanema wa boma, Yle, amaulutsa mapemphero awo a usiku, ndipo anthu a mipingo ina amadzaza nawo tchalitchi cha Uspenski ku Helsinki, cha njerwa zofiira, chomalizidwa mu 1868, kapena amapita ku Valamo ku Heinävesi, kumene amonke othawa nkhondo kunyanja ya Laatokka anakhazikika mu 1940.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa mpingowu ndi abale ake a ku Greece, Russia kapena Serbia. Iwowo amawerengera Pasaka pa kalendala yakale, moti zaka zambiri tsiku lawo limabwera mochedwerapo. A ku Finland anasankha m'zaka za m'ma 1920 kukondwerera tsiku limodzi ndi anansi awo a Lutheran. Chisankhocho chinawawa, chinagawa amonke a Valamo kwa zaka zambiri, koma chifukwa cha icho dziko lonse limadzuka ndi Pasaka mmodzi.

Nthawi ikamayandikira 12 koloko usiku, anthu amatuluka ndi makandulo oyaka, mtanda ndi zithunzi zoyera patsogolo, n'kuzungulira tchalitchi. Amaima pakhomo lotseka, wansembe n'kulengeza kuti Khristu wauka, khamu n'kuyankha kuti waukadi. Kulengezako kumabwerezedwa m'zilankhulo zambiri, mabelu akulira, ndipo mapemphero amapitirira mpaka usiku kwambiri, anthu ali chiimire. Akatha amamasula kusala kwa masabata asanu ndi awiri ndi mazira ofiira, buledi wotsekemera wa kulitsa, ndi pasha, chakudya choyera cha chambiko chofinya, batala, mazira ndi shuga, chopanikizidwa m'chikombole chathabwa chimene chimasiyapo zilembo XB. Pasha nayenso anaoloka malire a mpingo, ndipo lero amakhala pambali pa mämmi m'nyumba zambiri, choyera ndi chakuda patebulo limodzi.

M'mawa wa Pasaka makolo akale ankakwera paphiri kapena padenga kukaona dzuwa likutuluka, poti ankati tsikulo limavina ndi chimwemwe. Zidzukulu zawo zambiri masiku ano dzuwalo zimakalionera ku Lapland. Tchuthi ndi cha masiku anayi, Lachisanu mpaka Lolemba, ndipo kumpotoko chipale chimakhala chikadali chochuluka pamene masana atalika, choncho sitima ndi ndege zopita ku Levi, Ylläs ndi Saariselkä zimadzaza ndi okatsetsereka pamapiri.

Atsogoleri a mpingo ali ndi chifukwa chodera nkhawa. Mu 1950 anthu pafupifupi 95 pa 100 aliwonse anali a Lutheran, mu 2000 anali 85, ndipo lero sakwana 65. Ana ambiri obadwa ku Helsinki sabatizidwanso. Msondodzi, mämmi ndi zimoto sizili pangozi, chifukwa masitolo ndi masukulu azisunga. Chimene chingazilale ndi nkhani imene inazibala, ya munthu wolandiridwa ndi nthambi Lamulungu n'kupachikidwa Lachisanu, ndipo ikazilala, tsiku lachete lidzangokhala tsiku losapita kuntchito.

Choncho inu amene maphunziro kapena ntchito zidzakufikitseni ku Finland nyengo ya Pasaka, musadzakhutire ndi za m'sitolo zokha. Mukalowe m'tchalitchi cha Lutheran madzulo a Lachinayi Loyera mukaone guwa likuvulidwa, ndipo Loweruka usiku mukaime ndi a Orthodox panja, kandulo ili m'manja. Khomo ndi lotsegukira aliyense. Muvale zofunda zokwanira, ndipo mufike msanga, chifukwa ku Uspenski malo amatha nthawi isanakwane.